Chitseko cha Josephat

Lemba, Judith, ndipo ulembe monga mmene ndikukambiramu. Usandikongoletsere mawu. Ine sukulu ndinkangoipitirira popita kudambo, koma zimene ndinaona ndi maso angawa palibe mphunzitsi angandikonze. Ndifuna kuti mwana uja anabadwira ku Solwezi, amene sindinamunyamulepo, akadzakula adzadziwe kuti atate ake, a Josephat, anali munthu wotani, ndi kuti makoma aima opanda denga kuseri kwa nyumba yangayi ndi a yani.

Ndati anali? Fufuta, ulembe kuti ali. Kapena ingosiya momwemo. Tiye nazo.

Josephat kwawo ndi ku Vubwi, kumalire kwenikweni, komwe tambala akalira amadzutsa anthu a maiko atatu. Anafika kuno ku Katete ali mnyamata, akukankha njinga yopanda tcheni, n'kukhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika kumamata machubu. Kuchoka pa njinga zopalasa anafika pa mahonda, njinga zamoto zija. Dzanja anali nalo, zimenezo sindingamumane. Ndowa yanga iyi anaimata ndi iyeyo, mpaka lero siidontha. Mowa ayi, akazi ayi, ndewu ayi. Matenda ake anali amodzi: sankataya kanthu. Msomali wopindika ankauwongola. Chubu chong'ambika ankachidula malegeni. Ukamupatsa chimanga chowotcha, chitsononkho ankayamba wachiyang'anitsitsa asanachiponye.

Anakwatira mdzukulu wanga Edith, amene ndinalera ndine amake atamwalira. Monga mwa mwambo wathu, mwamuna ndiye anabwera kwa mkazi, ndipo tinamulozera malo kuseri kwanguku, moyang'ana msewu wopita ku Chanida. Njerwa anaumba yekha, kuwotcha yekha. Malata ankagula limodzilimodzi, n'kubwera nalo panjinga likulira ngati bingu. Chitseko anakapangitsa cha mlombwa, cholemera, chakuti amuna awiri ankatuluka nacho thukuta. Ine ndinkamuseka. Paja mwamuna wa mdzukulu ndi mwamuna wako, umamunena mmene wafunira.

"Amuna anga," ndinkatero, "malatawa mumawasisita kuposa mkazi mnzangayu. Kodi adzakubalirani ana?"

Iye ankangoti, "Ambuya, inu simudziwa."

Amene anandiuza ndi Edith. Josephat ali wamng'ono, atate ake anamwalira ku Vubwi. Atameta maliro, abale a malemu anasasula nyumba, monga timachitira mwini akapita: denga pansi, chitseko kunja, kuti mzimu usamabwerere kudzagona. Koma iwo sanalekere pamwambo. Malata, chitseko, ngakhale mpando, anakweza pangolo n'kupita nazo kwawo, iye akuonerera ndi amake, a Vainess, pansi pa mtengo wa mango. Kuyambira pamenepo analumbira kuti malata ake sadzachotsa munthu wina. Adzachotsa yekha.

Mawu amenewo ndinawasunga, ndipo sanandikomere.

Nkhani ya Solwezi inabwera ndi mnzake wina amene anatsogola kale kumigodi. Ankamuimbira foni kuti kuno mahonda ndi ambiri ngati ntchentche, okonza ndiye kulibe. Josephat sanali munthu wodumphira zinthu. Ulendowo anayamba kuukonza chimanga chisanache, ndipo dzuwa la Okutobala linamupeza akali kukonza. Akaweruka ankapita pamphambano pomwe amaima malole ochokera ku Mozambique, kukafunsa madalaivala za njira, za mtengo wa ufa kumeneko, ngakhale moni wa anthu akumeneko. Akabwera ankajambula pansi ndi sipoko ya njinga: apa Luangwa, apa Lusaka, apa Kabwe, Kapiri, Ndola, Kitwe, Chingola, ndiye uko kumapeto, pafupi ndi khola la nkhumba, Solwezi. Mainawo ankawatchula ngati akupemphera korona.

Ndinati, "Ndiye mukafika pakholapo, mzere wobwerera uli kuti?"

Anaseka. "Msewu ndi womwewo, ambuya."

"Njira yopitira ndi yobwerera sizifanana," ndinamuuza. Sanamve.

Ulendo wa pa basi anaukana, akuti amalipiritsa katundu ngati ndi munthu. Anapangana ndi dalaivala wina wa lole imene inkabwerera kumigodi ili ndi malo otsala kumbuyo. Anakayeza malowo ndi chingwe, n'kubwera nacho chingwecho kudzayeza bedi, tebulo, mtondo, mpaka mbiya. Chimene sichinakwane pachingwe chinagulitsidwa. Nkhumba zinapita, mbuzi zinapita. Mtedza anati tiswe wonse chifukwa makoko amadya malo, tinaswa mpaka zala zinatupa. Chimanga anagayitsa. Edith, ali ndi pakati poonekera kale, ankangosoka masaka. Anapempha kuti andisiyire msoti umodzi, paja wochoka amasiya nkhuku kwa mbale, kuti ikamaswa anapiye dzina lake lizimveka pakhomo. Josephat anati nkhuku yosiya ndi ndiwo za ena. Msoti nawo unapita kumsika.

Kutenga mkazi pamudzi pa kwawo kumafuna chilolezo cha amalume ake. Amalume a Edith ndi mwana wanga Lameck. Josephat anapita ndi tambala, atavala malaya a kutchalitchi, akuganiza kuti nkhani ikavuta. Lameck anavomera tambalayo asanamasulidwe miyendo. Pamenepo ndinadziwa kuti pali kanthu. Lameck ndinabala ndine, ndimamudziwa: akakumwetulira, kawerenge nkhuku zako. Boma la Katete likukula, likudza chakuno, ndipo malo a m'mbali mwa msewu akuwafuna anthu a magolosale. Ndinali nditamuona kale mwana wangayo akuyenda kuseri kwa nyumba ya Edith ndi bambo wina wa nsapato zosongoka, akuloza uku ndi uko.

Tsono imva bwino apa, ulembe mosaphonya. Kwathu kuno munthu akachoka koma nyumba yake n'kukhala yotseka, malowo ndi ake. Zipite zaka, palibe angapondepo. Koma nyumba yopanda denga, yopandanso chitseko, limenelo ndi bwinja. Dothi limabwerera ku mbumba, ndiye kuti m'manja mwa amalume. Edith alibe mayi, alibe mlongo. Pamene angadzafikire zinthu zikamuvuta kutaliko ndi pamenepa basi.

Chinanso, Josephat ulendowu anawabisira abale ake a ku Vubwi. Ngakhale amake sanawauze. Ankati ulendo wolengeza sufika, ansanje amautchera m'njira, adzawauza akakafika. Zimenezo si zachilendo, ambiri amatero, ena umangodzuka n'kupeza anapita. Koma iye anawonjezapo zake. Sola imene ankatchajira mafoni anaikulunga m'bulangeti kukali masiku, kuopa kuti ingasweke pa phuma la tsiku lonyamuka. Foni yake inazima, ya Edith inazima. Munthu wa ku Vubwi akaimba, kunali zii.

Mmawa wina ndikusesa, ndinamva kulira kwa msomali ukuzulidwa palata. Kulira kumeneko ndimakudziwa, ndakumva pamaliro ambiri. Nditazungulira nyumba ndinapeza Josephat ali padenga, Lameck ali pansi wagwira makwerero. Lameck amene chibadwire sanagwirepo khasu m'munda wa munthu wina!

"Amuna anga, tsikani," ndinatero. "Wafa ndani?"

"Palibe wafa, ambuya. Kumeneko malata ndi odula. Ndiwasiyirenji kuno achite dzimbiri?"

"Nyumba saisasula mwini akupuma. Mukudziitanira chiyani?"

"Zimenezo n'zakale."

"Imfanso ndi yakale, koma sinatope."

Lameck analowererapo. "Amayi, musiyeni mkamwini. Katundu ndi wake, anagula yekha."

"Iwe khala chete, fisi. Ukuyesa sindikuona chimene ukudikira?"

Lata loyamba litatsika, mileme inatuluka dzuwa likuwala, n'kumazungulira pabwalo ngati yaledzera. Galu wawo, amene sanakumbepo, anayamba kukumba dzenje pakhomo penipeni, lalitali, ndipo ukamuthamangitsa ankabwereranso. Akazi a pamudzi anabwera kudzaona, n'kukhala pamphasa chakumthunzi, osayankhula. Amuna anakhala kwaokha pachitsa. Palibe anawauza kuti akhale chotero. Miyendo yawo inangokumbukira yokha mmene timakhalira nyumba ikamasasulidwa.

Edith naye, mwana wopanda nzeru, dzulo lake anali atameta mpala. Akuti tsitsi linathothoka ndi mankhwala a ku saluni, akufuna akayambe latsopano ku tauni. Tsono taganiza wekha, munthu wodutsa pamsewu aona chiyani? Nyumba yosasula, chitseko chagonekedwa pansi, anthu akhala chete, akazi uku amuna uko, mkazi wa mwini nyumba mutu uli wometa, maso ali psuu ndi fumbi la padenga.

Pamsewu panaima honda ya venda wina wogula mtedza, wa ku Vubwi komweko, amene ankakonzetsa kwa Josephat. Nthawi imeneyo Josephat anali m'kati, akuzula mafelemu a mawindo. Vendayo anayang'ana, anavula chipewa, anagwira pakamwa. Moni sanapereke. Anatembenuza honda n'kubwerera komwe anachokera. Ndinamuona ndi maso angawa, koma ndinangoti ndi wamwano.

Masiku otsalawo Josephat ndi Edith ankagona m'nyumba mwanga. Ndinamukokera Edith kuseri kwa nkhokwe.

"Uza mwamuna wako asiye chitseko chokha. Malata apite, koma chitseko chibwerere pamalo pake."

"Ambuya, mukuwadziwa. Akuti chitseko chija ndicho chidzapsinje malata pamwamba palole."

"Nanga zikakakuvuta uko, udzafikira kuti? M'thumba mwa Lameck?"

Anangoyang'ana pamimba pake.

Lole inafika mmawa, dalaivala ali ndi phuma, akuti pamalire anamuchedwetsa kale. Anakweza bedi, masaka, malata, chitseko pamwamba. Thumba limodzi la ufa linaphulikira pamutu pa Josephat. Iye osasamba n'komwe, anakwera kukamanga zingwe kuseri kwa katundu. Kavuluvulu anadutsa pabwalo, analowa pakhomo lopanda chitseko lija n'kutulukira kumwamba atanyamula zinyalala.

Kenaka tinamva kulira.

Kunkachokera kumsewu, kulira kwa maliro kwenikweni, kwa anthu ambiri. Galimoto ya kanta inaima, ndipo munatsika anthu a ku Vubwi, akazi atamanga nsalu m'chiuno, amuna nkhope zili gwa. Venda uja anali atakafikitsa uthenga wake. Patsogolo panali a Vainess, opanda nsapato, opanda duku. Ataona makoma aja anadzigwetsa pansi n'kumagubuduzika m'fumbi.

"Mwana wanga ine! Josephat mwana wanga! Mwamuika ngati galu, osandiuza! Ndinakulakwirani chiyani, a Katete inu? Mwameta kale, mwagawana kale, katundu ali palole!"

Mlongo wa a Vainess, mwamuna wamtali wonyamula ndodo, analunjika kwa Lameck. "Manda ali kuti? Tionetseni manda! Anadwala liti? Mwamudya!"

Lameck, pakamwa ponse paja, anangoti kukamwa yasa. Ine ndinkakuwa kuti ali moyo, ali moyo, koma liwu la nkhalamba imodzi pakati pa anthu olira angalimve ndani? Akazi ena a pamudzi pathu pomwe, amene anali atangomuona munthuyo akunyamula masaka, anayamba kulira nawo. Maliro ndi otero, ukawamva amakulowa.

Ndiye Josephat anaimirira pamwamba pa lole. Ali mbuu ndi ufa, kumutu mpaka kumapazi, chingwe chili m'manja.

Anati, "Amayi?"

Sindinaonepo anthu akubalalika chotero. Ena analowa m'munda, wina anagwera m'dzenje la galu lija. A Vainess okha sanathawe. Anadzuka, anatapa dothi ndi manja onse awiri, ndipo iye atatsika anamuwaza nalo kumaso, pachifuwa, kumapazi, monga timachitira ndi munthu amene tinamuyesa wakufa, kuti ngati ndi mzukwa azimiririke. Sanazimiririke. Anangoima, akuphethira, dothi likutsetsereka pa ufa.

Mwina ukuganiza kuti panali kuseka, panali nthungululu. Ayi. Panali zii, ngati kumanda anthu akatha kukwirira.

A Vainess anamugwira nkhope, n'kumusiya. Anayankhula motsitsa, koma tonse tinamva.

"Ndakulira njira yonse, kuchokera ku Vubwi mpaka pano. Misozi ya mwana mmodzi siituluka kawiri. Umapita kuti osandiuza?"

"Ku Solwezi, amayi. Ndikanakuimbirani nditafika."

"Ndiye wadzisasulira wekha nyumba. Za atate ako unaziona, lero wazichita ndi manja ako, ukali kupuma." Anatembenukira kwa ine. "Asewere, inu munali pomwepa?"

Ndinati, "Ndinakamba mpaka kukhosi kunauma. Mwana wanuyu makutu anawakulunga m'bulangeti limodzi ndi sola."

Mlongo wawo uja anati munthu amene waliridwa sayenda ulendo tsiku lomwelo. Ayenera agone, asambe mankhwala, adye pamodzi ndi amene anamulira, kuti malirowo achoke pathupi pake. Dalaivala analiza hutala. Anati iye za mizimu sadziwa, amadziwa za bwana wake, ndipo ngati sakupita atsitse katundu yense pompano.

Josephat anayang'ana amake, anayang'ana lole. Ndinaona mmene maso ake anakakamirira pa malata aja, ndipo yankho ndinalidziwa asanatsegule pakamwa.

"Ndikasambira konko," anatero.

A Vainess anakakhala m'mbali mwa khoma, atamufulatira.

Apa m'pamene Edith anachita chinthu chimene sindinamuganizire. Mwana wofatsa uja, ndi mimba yakeyo, anaponda tayala n'kukwera palole. Anayamba kumasula zingwe.

"Edith, ukutani? Tsika, ugwa!"

"A Josephat, malata ndi anu, pitani nawo. Bedi ndi lanu. Inenso ndipita nanu, sindikukana. Koma chitseko ichi chitsala."

"Ukudziwa mmene ndinachivutikira chitseko chimenecho?"

"Ndikudziwa. Koma lero ndaona mmene zidzakhalire inu mukadzafa. Anthu adzalozana ndodo, adzafunsana za manda ndi za katundu, ine ndili chiimire, palibe wondifunsa kuti ndikagona kuti. Ndifuna podzafikira."

Mkazi kuuza mwamuna wake za imfa yake pa tsiku la ulendo, pamaso pa amake! Koma ananena, ndipo mawu sabwerera m'kamwa. Anachikankha chitsekocho mpaka chinapendekeka, amuna a ku Vubwi n'kuchilandira. Lameck anayamba, "Koma nyumba yopanda denga..." Mlongo wa a Vainess anangomuyang'ana, ndodo ili m'manja, ndipo mwana wanga anameza zotsalazo.

Amene anachibwezera pamalo pake ndi Josephat yemwe, pakuti ndiye anali ndi misomali, yowongola kale, m'thumba la malaya. Anakhoma osayang'ana munthu. Anatseka, anaika loko, kiyi anapatsa ine. Nyumba yopanda denga, mawindo ali pululu, mbuzi ikhoza kudumphiramo, koma yotseka.

"Mwakondwa, ambuya?"

"Ndidzakondwa mukadzabwera kudzandilanda kiyiyu, amuna anga."

Sanaseke. Anakwera kutsogolo ndi Edith, ufa ukali m'makutu, dothi la amake likali m'tsitsi, ndipo lole inanyamuka. A Vainess sanatembenuke. Galu anaithamangira mpaka pamphambano, ndipo sanabwerere.

Dzinja lapita, lina lapitanso. Makoma akusungunuka pang'onopang'ono. Ndimamata ming'alu ndi dothi, ine nkhalamba ya msana uwu. Lameck amadutsa mmawa, amagogoda khoma ndi chala ngati akusankha chivwende. Wandiuza kuti tsiku limene khoma la chitseko lidzagwe, nkhani yatha. Bambo wa nsapato zosongoka uja wabweranso, ulendo uno ndi mnzake.

Poyamba Josephat ndi Edith ankaimba foni onse awiri. Josephat ankati ntchito ilipo, malata anafika bwino, koma malo omangapo sanapeze, ndiye ali m'nyumba ya lendi, malatawo anawaimika kuseri, ayamba dzimbiri. Kusamba kuja sanasambe, akuti mitengo ya kumeneko saidziwa. Mwana anabadwa, wamwamuna. Kenaka anayamba kuimba Edith yekha. Ndikafunsa za amuna anga, amati agona, apita kuntchito, akutsokomola pang'ono, ndi fumbi chabe la kumeneko. Liwu la Josephat ndinalimva komaliza chimanga chili m'mawondo. A Vainess akuti akaimbiridwa salandira, amati iwo analira kale.

Sabata yathayi foni yako ija inalira, Judith, unandipatsa ndiwe. Anali Edith. Moni sanandipatse, za msana wanga sanafunse. Kumbuyo kwake kunkamveka anthu ambiri, akuyankhula motsitsa ngati pamaliro, chinenero chimene sindichidziwa. Anangoti, "Ambuya, chitseko chija chikalipo?"

Ndinati chilipo, kiyi ali m'khosi mwangamu.

Anati, "Chabwino," ndipo foni inaduka. Ukaimbanso siikulowa, unayesa wekha.

Ika cholemberacho pansi. Pita kwa a Anna, anansi athuwa, ukandibwerekere chikwakwa, unene kuti ndifuna udzu wa nkhokwe. Kudambo asanatenthe, nyumba ija ikhale ndi denga, ngakhale la udzu, Edith apeze pofikira. Ndipo Lameck asamve.